Womasulira wa a Boniface

"Kodi yayamba?" anafunsa a Boniface.

Trevor anawacheukira bambo akewo. Filimu inali itayamba kalekale. Pa TV panali mayi wachizungu ataima pazenera, ndipo kumbuyo kwake mwamuna wake ankapinda malaya n'kumaika m'chikwama. Palibe ankayankhula. Chinkamveka ndi mvula ya m'filimumo basi, kuphatikiza ina yeniyeni ya ku Mzuzu yomwe inkawaza pamalata chiwerukireni kutchalitchi.

"Ababa, mwayamba chipongwe," anatero Trevor. "Taonani nkhope ya mayiyo. Nkhani yonse ili pankhopepo."

"Pankhope," anabwereza a Boniface uku akukoka kolala ya jekete. "Ndiye anthu akewo alibe pakamwa?"

Temwani, mkazi wa Trevor, anaseka ali pamkeka pomwe ankasankha mpunga. "Adada akunena zoona. Ine filimu yopanda ukwati, yopanda mkazi wachiwiri, yopanda ngakhale munthu mmodzi wolira mokuwa, yayi. Ndi kutaya nthawi."

"Iwe ndiye usayankhule n'komwe. Zako za ku Nigeria zija munthu umadziwiratu mathero ake zikungoyamba."

"Ndimadziwa, enya, koma ndimalirabe. Yanuyi ndalirapo? Ndikungosinza."

Trevor ankaphunzitsa Chingerezi pasukulu ina ya sekondale yomwe si yaboma, ndipo pa nkhani ya mafilimu sankafuna kugonja. Kwa iye filimu yabwino inali yoti anthu ake aziyankhula pang'ono, woonera aziganiza kwambiri. Atagula TV yaikulu n'kuikhomera pakhoma m'nyumba yawo ya ku Katoto, ankaiona ngati bolodi ya m'kalasi, ndipo aliyense wokhala pabalazapo ankasanduka mwana wasukulu, afune asafune.

Bambo ake anabwera m'nyumbamo chaka chapitacho. Moyo wawo wonse wapabanja anakhala ku Mulanje, kumudzi kwa akazi awo. Mayi a Trevor atamwalira, abale a malemuwo anachita mwambo wosudzula, kutanthauza kuti ukwati watha ndipo mkamwini ndi womasuka kubwerera kwawo. Anachita mwaulemu ndithu, koma nyumba, munda ndi mitengo ya mapeyala yomwe a Boniface anadzala okha zinatsala komweko. Trevor anakawatenga ndi chikwama chimodzi ndi wailesi.

Ku Mzuzu mkuluyo anapeza kuzizira, Chitumbuka chomwe sankachimva, ndi chinthu chimodzi chomwe anachikonda: mafilimu omenyana omasuliridwa m'Chichewa. M'mafilimu amenewa munthu wina amayankhula pamwamba pa mawu a eni ake kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osapuma. Tchaina wodumpha madenga amamupatsa dzina la ku Ndirande. "Uyo walowa uyo! Wavala malaya ofiira, chikwanje chili kumanzere. Akuluakulu, wapampandoyo sanamuone, akudya mpunga wake womaliza!" A Boniface ankaseka mpaka kutsokomola.

Trevor zinkamunyansa. Ankati womasulirayo ndi wabodza, theka la zomwe amanena mulibe m'filimumo, ndipo amaphera anthu maso. Choncho Loweruka lapitalo anatenga kafulashi ka bambo ake, n'kupita nako kwa Wiza, mnyamata wa kashopu koikira mafilimu kumsewu, n'kumuuza kuti afufute zonse aikemo zomwe iye anasankha. Sanawafunse eni ake. Mumtima mwake ankati akuwachitira zabwino.

"Ndiye aja anga unawataya onse?" anafunsa a Boniface tsopano.

"Ababa, aja si mafilimu, ndi phokoso. Mukazolowera awa mudzandithokoza."

Mkuluyo anatembenuzira nkhope ku TV. Kenako anadzuka. Popita kuchipinda anagunda katebulo ndi bondo, kapu n'kugwa. Trevor anapukusa mutu. Anaganiza kuti ndi mkwiyo, ndipo anadandaula kuti munthu wamkulu angapse mtima chifukwa cha Matchaina odumpha.

M'mawa mwake, akumwa tiyi, a Boniface anayankhula ngati akunena za nyengo.

"Loweruka ndikwera basi. Ndikupita kwa Selina ku Phalombe."

Trevor anasiya kutafuna. Selina anali mwana wa mchemwali wawo wa a Boniface, mayi wa ana ambiri m'nyumba ya zipinda ziwiri, mwamuna wake ali ku Joni osatumiza ngakhale moni. Trevor ankadziwa bwino lomwe komwe bambo ake akagone kumeneko: m'kakhitchini kapanja, pamodzi ndi nkhuku. Mtima unamupweteka. Koma amuna a m'banja limenelo sankadziwa kupempha, ndiye chomwe chinatuluka pakamwa pake chinali chouma.

"Mwaganiza bwino?"

"Ndaganiza."

Kuyambira tsiku limenelo mkuluyo sanakhalenso pabalaza. Ankatulutsa mpando pakhonde n'kumamvera wailesi, atafunda bulangete m'miyendo.

"Inu a Trevor, mukuona ngati zocheza?" anatero Temwani Lachitatu akumusitira malaya. "Adada achapitsa kale zovala zawo zonse. Pitani kwa Wiza mukabwezeretse zinthu za eni ake. Filimu yanu ya anthu oima pazenera ingakuphereni ubale?"

Trevor anang'ung'udza, koma poweruka anadzera kumsewu. Kashopu ka Wiza kanali ka matabwa, sipika ili pakhomo, mkati muli kompyuta ndi benchi.

"Monire, asambizgi!" anatero Wiza atamuona mphunzitsiyo. "Mwabweranso kudzafufuta?"

"Ndabwera kudzabweza. Ika aja a madala."

"Yewo chomene. Ndinadziwa ine." Wiza analowetsa kafulashi m'kompyuta uku akuseka. "Koma madala anu ndi kasitomala wovuta. Anthu ena amasankha poona zithunzi apa. Iwo ayi. Amakhala pabenchipo n'kunena kuti, 'Taika ndimve.' Womasulira wongoseka ndi kutukwana samufuna. Amafuna wonena zonse, walowa ndani, wavala chiyani, waima mbali iti. Akamupeza woteroyo amati, 'Uyu ndiye munthu.'"

"Ndi zimene ndimanena," anatero Trevor. "Anthu safunanso kuona okha. Akufuna kutafuniridwa."

Atafika kunyumba analowetsa kafulashiko kumbuyo kwa TV n'kutulukira pakhonde. "Mafilimu anu aja ndabweza."

"Zikomo," anayankha a Boniface. "Koma Loweruka ndi Loweruka."

Tsiku lotsatira ana asukulu anapita kumasewero, ndipo Trevor anaweruka dzuwa lili pamutu. Temwani anali atapita kumsika. Ali pageti anamva mawu a womasulira uja akusokosa m'nyumba, kenako kuseka kwa bambo ake. Anamwetulira. Anaganiza kuti nkhani yatha, mkuluyo wanyengereredwa. Anatsegula chitseko pang'onopang'ono kuti asawasokoneze.

A Boniface anali pampando wawo, atawerama kutsogolo, rimoti ili m'manja, maso ali tong'o ku TV. Koma TV inali yofunda. M'mawa uliwonse Temwani akakolopa ankaiphimba ndi chitenje kuopa fumbi, ndipo kale ankachichotsa yekha akamawaikira apongozi akewo filimu. Sabata imeneyi, poti sankaonera, anangochisiya. Chitenje cha maluwa obiriwira chinali lende kuphimba galasi lonse, kuwala kukungotulukira pang'ono m'mphepete.

Trevor anaima pakhomo, chikwama cha mabuku chili m'manja. Mphepo yozizira inalowa, ndipo mkuluyo anatembenuka n'kumuyang'ana mwana wakeyo mwachindunji.

"Ndani?"

"Ndine, ababa."

"Aa, wabwera msanga. Takhala pansi uone mnyamata uyu mmene akuwaphwanyira." Analoza chitenje chija. "Wamuona wa malaya ofiirayo?"

Trevor anaika chikwama pansi. Anayenda mpaka pakhoma n'kuchotsa chitenjecho. Nsalu inachita phokoso pang'ono, kuwala kunadzaza pabalaza, ndipo nkhope ya a Boniface inasintha. Anafufuza batani ndi chala n'kuzimitsa TV.

"Nsaluyo inalipo nthawi yonseyi?"

"Inalipo."

Trevor anakumbukira kapu ija, bondo logunda katebulo, ndi funso lija loti kodi yayamba. Manyazi anamugwira moti anakhala pansi pomwepo, pamkeka wa mkazi wake.

"Zinayamba liti?"

"Amayi ako ali moyo." A Boniface ankayankhula mosajejema, akusisita rimoti. "Poyamba kunali ngati utsi wa m'dimba. Pano ndimangoona kuti uku kwawala, uku kwada. Munthu akaima ndimaona chitsa. Amayi ako ndiwo ankadziwa okha. Tikamayenda ankayankhula njira yonse. 'Pali mwala apo. Akubwerawo ndi abusa, vulani chipewa. Mwana wa a Gracious wavala diresi lalifupi ngati la chidole.' Anthu ankati mayi uja ndi wolongolola. Sankadziwa kuti akundionera."

Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunapite patali.

"Atapita iwo, dziko linangoti zii. Ndabwera kuno, anthu akuyankhula chinenero china, iwe uli kuntchito, apongozi anga ndi aulemu, sangamangobwebweta pamaso panga. Ndiye tsiku lina ndinamva mnyamata uja pa sipika ya Wiza. 'Uyo walowa uyo, wavala zofiira.' Ndinaima pamsewu ngati wopenga. Wabodza, inde, ndikudziwa. Koma ndi yekhayo amene amandiuza zomwe zikuchitika."

"Bwanji osandiuza, ababa? Ngati ndi ng'ala, kuchipatala amachotsa. Anthu amaonanso."

"Zipatala ndi kumwera ziliko." Mkuluyo anaika rimoti patebulo atayamba wafufuza m'mphepete mwake. "Tamvera, Trevor. Kwa amayi ako anandisudzula ndili munthu woyenda ndekha. Kwathu bambo sakalambira pakhomo pa mwana wake wamwamuna, umadziwa. Ndakhala kuno ngati mlendo, ndipo mwandisunga bwino. Koma Lamulungu lija ndinaona kuti ndayamba kukutopetsa ndi zinthu zazing'ono. Nanga ukadzayamba kundigwira dzanja popita kuchimbudzi? Bola ndipite kwa abale anga tisanafike pamenepo."

Trevor misozi inali ikutsika. Anawayang'ana bambo ake ndi nkhope yomwe aliyense akanaiwerenga, nkhope ya mwana amene sakufuna kusiyidwa. Ankayesa kuti zakwana. A Boniface anadikira, khutu atalozetsa kwa iye, ndipo anangomva mvula itayambiranso pamalata.

"Basi, wamvetsa," anatero, n'kudzuka kupita pakhonde akupapasa khoma.

Temwani atamva nkhaniyo sanadabwe kwenikweni. Anati ankaona apongozi akewo akuika chala m'kapu pothira tiyi, koma mkamwana angayambe bwanji kufunsa apongozi aamuna za m'thupi mwawo?

"Ndiye mwawauza kuti asapite?"

"Akudziwa."

"Akudziwa bwanji?"

Trevor anatenga mabuku a ana n'kuyamba kuchonga. Lachisanu lonse linadutsa akuzungulira bambo ake ngati nkhuku yofuna poikira. Anawagulira masokosi. Anawapukutira nsapato. Anakafunsa kuchipatala tsiku lomwe amaona maso, n'kubwera kudzanena, ndipo mkuluyo anangoti zikomo. Mawu enieniwo ankafika pakhosi n'kubwerera.

Loweruka m'mawa kunali chifunga. Chikwama chija chinali pakhomo, wailesi itamangiriridwa pamwamba ndi chingwe. A Boniface anakhala pampando wawo atavala jekete ndi chipewa, kudikira Gomezgani, woyendetsa takisi wa pafupi nawo, kuti awaperekeze kudepoti. Temwani anali kukhitchini akukulunga mbatata zophika za paulendo, ndipo mapoto ankalira kuposa masiku onse.

Trevor anachotsa chitenje pa TV n'kulowetsa kafulashi kake.

"Ababa, podikirapa, tiyeni timalize filimu ija."

"Ya anthu opanda pakamwa ija? Ndiimalize ndi chiyani?"

"Ndikumasulirani."

Mkuluyo anakweza nsidze. "Iwe? Chabwino, taika ndimve."

Mvula ya m'filimu inayamba. Trevor anakhosomola n'kuyamba ndi mawu a m'kalasi. "Chithunzi choyambachi chikuimira kusungulumwa kwa munthu m'banja, pomwe zenera likutanthauza..."

"Iyayi, iyayi. Wiza akanakuthamangitsa. Walowa ndani? Wavala chiyani?"

Trevor anayang'ananso pa TV. "Pali mayi. Waima pazenera. Wavala juzi yotuwa, yaikulu, ikuoneka ngati ya mwamuna wake."

"Eya. Wonenepa?"

"Woonda. Tsitsi silinapesedwe."

"Sanagone ameneyo. Pitiriza."

"Kumbuyo kwake kuli bambo, wadazi pang'ono. Akupinda malaya. Akupinda moipa, ababa, ngati mmene ndimapindira ine."

A Boniface anaseka. Temwani anasuzumira pakhomo la khitchini, mpeni uli m'manja, ndipo sanabwererenso. Trevor anapitiriza, lilime likumasuka pang'onopang'ono. Ananena za kapu ya tiyi yomwe inazizira patebulo, za galu wogona pansi pa mpando, za nsapato zomwe bamboyo anavala n'kuvulanso. Anadabwa kuona kuti zina mwa zinthuzo iye mwini anali asanazione, ngakhale filimuyo anaionera kangapo.

"Tsopano watseka chikwama. Wanyamula. Akupita kuchitseko."

"Mkaziyo akumuletsa?"

"Watembenuka. Akumuyang'ana. Maso ake adzaza misozi."

"Wanena chiyani?"

"Sananene kanthu. Koma nkhope yake..."

"Mwamunayo akuiona nkhopeyo?"

Trevor anayang'anitsitsa. "Ayi. Wamufulatira."

"Ndiye chitsiru mkaziyo!" A Boniface anamenya dzanja pampando, atapsa mtima zenizeni. "Munthu akuchoka, wafulatira, iye n'kumalira chamumtima? Amva bwanji? Ayankhule! Pakamwa anamupatsira chiyani Mulungu?"

Panja galimoto inaima, hutala n'kulira. Trevor anaimitsa filimu. Mawu ake atatuluka anali osalongosoka, a mwana osati a mphunzitsi.

"Ababa, musapite. Sindikufuna mupite. Simunanditopetse, ndine ndinapusa. Za kwathu zoti bambo sakhala kwa mwana wamwamuna zitsale kwathu konko, ino ndi nyumba yanu. Lachiwiri tipita kuchipatala. Akachotsa ng'alayo, chabwino. Akalephera, ndizikugwirani dzanja, ndizikuuzani pali mwala. Ndikulira pano, ababa, poti simukuona ndikuuzeni. Ndakhala ndikulira kuyambira Lachinayi."

"Nanenso, adada," anatero Temwani atagwada pakhomo la khitchini. "Ndipo kubwebweta ndimatha chomene. Ndinkangoopa."

A Boniface anavula chipewa n'kuchiika pabondo, akuchitembenuzatembenuza. Hutala inaliranso.

"Apongozi," anatero potsiriza, "kamuuzeni wagalimotoyo kuti filimu sinathe. Asatidikire."

Temwani anatuluka mothamanga, ndipo pobwera ananyamula chikwama chija n'kulowa nacho kuchipinda osafunsa munthu.

"Tatsegula," anatero mkuluyo akupukuta m'maso ndi chikhatho. "Ndiye bambo uja watani?"

Trevor anadina batani. Pa TV bamboyo anatsegula chitseko, natuluka ndi chikwama chake kulowa mumvula, osacheuka. Chitseko chinamenyetseka.

"Waika chikwama pansi," anatero Trevor. "Wakhala pampando. Akuti amuthirire tiyi wina."

"Nanga chitseko chamvekacho?"

"Ndi mphepo, ababa."

A Boniface anapukusa mutu n'kutsamira bwinobwino pampando wawo, akumasula mabatani a jekete.

"Omasulira nonse ndinu abodza," anatero. "Pitiriza."